Mphakati wa M'thumba: Akatolika ndi Masamba a Mchezo m'Mbali mwa Nyanja

Munthu akamwalira m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja, uthenga uli ndi njira zake zakalekale. Anyamata amathyola masamba n'kuwayala pamsewu kuti wa njinga atsike, wa galimoto achepetse liwiro. Wina amapita kukagwada kwa amfumu, wina amathamangira kwa a katekisiti. Chitsulo chopachikidwa mu mtengo wa mango, kawirikawiri limu yakale ya galimoto, chimalira mosiyana ndi mmene chimalirira Lamulungu m'mawa. Zonsezi zimafika kwa amene ali pafupi. Nanga mwana wa malemuyo amene watsatira usipa ku doko lina, amene akudula nzimbe ku Dwangwa, kapena amene ali ku Joni, amva bwanji?

Masiku ano masamba a pamsewu asanayalidwe n'komwe, foni imakhala italira kale ku Johannesburg. Uthengawo wadzera m'masamba a mtundu wina, amene a nyuzipepala ndi a wailesi amawatcha masamba a mchezo: WhatsApp, Facebook, YouTube, TikTok ndi anzawo. M'nkhani ino tiona mmene zipangizozi zimagwirira ntchito, ndiponso mmene Akatolika akuzigwiritsira ntchito posonkhana, popemphera ndi pothandizana.

Mphakati unayamba foni kulibe

Nkhotakota si malo amene Akatolika anafikira poyamba. Chisilamu chinazika mizu kuno kuyambira m'ma 1840, nthawi ya Jumbe. Aangilikani anatsatira m'ma 1890, ndipo episkopi wawo Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa pa Boma pompano. Ansembe a Chikatolika anakhazikika kwina: ku Nzama mu 1901, ku Mua mu 1902, ku Likuni mu 1903. Lero maparishi monga wa pa Boma ndi wa ku Benga ali pansi pa Arkidayosizi ya Lilongwe, ndipo akhristu ake amakhala mosakanikirana ndi Asilamu, Aangilikani ndi a CCAP, nthawi zina m'banja limodzi. Boma lonse la Nkhotakota linali ndi anthu oposa 390,000 pa kalembera wa 2018, ndipo latambalala motsata nyanja. Wansembe mmodzi sangafike ku tchalitchi chilichonse cha kumudzi Lamulungu lililonse, makamaka m'dzinja mitsinje ikadzaza.

Vuto la mtunda limeneli linapezeredwa mankhwala kale. Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anayendetsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo m'menemo munakhwima ganizo la miphakati. Mabanja oyandikana azikumana pakhomo pa mmodzi wa iwo, aziwerenga Mawu a Mulungu, aziyendera odwala, azigwirana manja pa maliro, osadikira kuti wansembe abwere. Boma la nthawi imeneyo linakayikira timagulu timeneti, mpaka Ambuye Kalilombe anachoka m'dziko muno. Koma miphakati inatsala.

Ndayamba ndi mbiriyi dala. Ku maiko a azungu, anthu akamakamba za gulu la Akatolika la pa intaneti, nthawi zambiri amanena anthu amene sanaonanepo maso ndi maso. Kwathu kuno n'zosiyana. Gulu la pa foni limabadwa kuchokera ku mphakati, ku kwaya, kwa Amayi Akatolika, kwa Alejio kapena kwa achinyamata. Anthu ake amadziwana kale mayina, minda, ngakhale ngongole.

Uthenga umayenda bwanji?

Yerekezani ukonde wa chilimira utayalidwa pa mchenga. Mfundo iliyonse yalumikizana ndi inzake, moti nyerere itha kuyenda kuchoka kumapeto kuno mpaka kumapeto uko. Intaneti ndi ukonde wotere, koma mfundo zake ndi makompyuta ndi mafoni a dziko lonse lapansi.

Mukalemba uthenga pa doko la Chia, foni yanu imautumiza ku nsanja ya Airtel kapena TNM imene ili pafupi. Kuchokera pamenepo umalowa m'zingwe zokwiriridwa pansi, zimene zimadutsa m'maiko oyandikana nafe mpaka ku nyanja ya mchere, kumene zingwe zina zagona pansi pa madzi. Umakafika ku makompyuta akuluakulu a eni ake a WhatsApp kapena Facebook, otchedwa maseva, ndipo iwo amaulozera ku foni ya mnzanu. Ulendo wonsewo umatha musanabwezere foni m'thumba. Mnzanuyo angakhale ali kuseri kwa thandala la usipa lomwe mwatsamira, uthengawo wazungulirabe choncho.

Pali zitseko ziwiri zolowera pa intaneti. China ndi apu, kapulogalamu kamene mumaika m'foni kamodzi n'kumakatsegula pogunda chithunzi chake. China ndi tsamba la pa intaneti, limene simuika m'foni koma mumalifikira polemba adiresi yake mu Chrome kapena Opera Mini. Tsamba la Vatican, mwachitsanzo, mumalipeza motero.

Chilichonse chodutsa pa zitsekozi chili ndi muyeso, monga usipa umayezedwa pa chigoba ndi pa ndowa. Muyesowo ndi ma MB, ndipo ma MB pafupifupi 1,000 amapanga GB imodzi. Mukagula bandulo ndiye kuti mwagula ndowa ya ma MB. Mawu olembedwa ndi opepuka zedi, mungatumize mazanamazana osaona kuti ndowa yatsika. Mawu ojambulidwa ndi pakamwa amalemerapo pang'ono, chithunzi chimaposa pamenepo, koma kanema ndiye mlamu wadyera: ola limodzi litha kumeza ma MB mazana angapo. Mukamvetsa muyeso umenewu, mwamvetsa chifukwa chake chipangizo china chimagwira ntchito ku Area 47 ku Lilongwe koma ku Liwaladzi chimangokhala chokongoletsa foni.

Gulu la pa WhatsApp

Pa zipangizo zonse, chimene chalowerera kwambiri m'moyo wa parishi ndi WhatsApp. Inayamba mu 2009, kampani ya Facebook inaigula mu 2014, ndipo mphamvu yake ili pa zinthu ziwiri: sifuna ma MB ambiri, komanso imalola munthu kulankhula m'malo molemba.

Taonani tsiku limodzi la gulu la mphakati. M'bandakucha, asodzi akukocheza, mlembi watumiza mawerengo a tsikulo. Dzuwa litakwera, amayi a pampando ajambula mawu: “Akhristu anzanga, mwadzuka bwanji? Mawa tikumana kwa agogo a kumtunda kuja, 3 koloko. Sali bwino, tiyeni titenge kanthu m'manja. Musaiwale makadi a mtulo.” Masana kwabwera chithunzi cha ndandanda wa osesa m'tchalitchi, wolembedwa pamanja pa pepala la kope. Madzulo wina watumiza chenjezo la a zanyengo lakuti kukubwera mwera, ndipo mayi amene mwamuna wake akukonzeka kulowa m'madzi wamuimbira nthawi yomweyo.

Mawu ojambula aja ndi amene atsegulira chitseko anthu ambiri. Gogo amene sanapite patali ndi sukulu, kapena amene maso ayamba kuchita chifunga, amangogwira kachizindikiro n'kulankhula. Aphunzitsi a kwaya apezapo njira yawoyawo: amaimba nyimbo yatsopano kanayi, soprano payokha, alto payokha, kenako tenala ndi besi, n'kutumiza zonse ku gulu. Mnyamata wa besi amamvetsera gawo lake akusoka ukonde, ndipo pofika Loweruka ku pulakatisi theka la ntchito latha kale.

Gulu lililonse lili ndi woliyang'anira, amene timangomutcha admini. Iye ndiye amalowetsa ndi kutulutsa anthu, ndipo atha kutseka pakamwa pa onse kuti olankhula akhale maadmini okha. Udindowu umaoneka wochepa koma ndi ufumu ndithu, ndipo sibwino kuupereka kwa munthu chifukwa chongoti ali ndi foni yabwino. Pakhale awiri kapena atatu osankhidwa ndi mphakati, monga timasankhira msungichuma.

Gulu limodzi litha kunyamula anthu 1,024, koma likakula limasanduka msika. Mu 2022 WhatsApp inabweretsa njira yotchedwa Communities, yomwe imasonkhanitsa magulu angapo pansi pa denga limodzi. Izi zikufanana ndi mmene parishi ilili: kwaya ili ndi chipinda chake, achinyamata chawo, mphakati uliwonse chake, koma pali bwalo limodzi la zolengeza limene onse amamva. Mu 2023 kunabweranso Channels, imene ili ngati gome lowerengera zolengeza: mmodzi amalankhula, ena amangomva, ndipo manambala awo saonekera kwa anzawo.

Tsono dandaulo langa, limene ndikudziwa kuti si langa ndekha. M'gulu lililonse muli munthu wokonda kutumiza maluwa. M'mawa duwa, masana mngelo wothwanima, usiku kandulo, ndipo pansi pa chilichonse pali ma “Amen” makumi awiri. Uthenga wa odwala umakwiririka pansi pa maluwawo, ndipo bandulo ya mayi wogulitsa mandasi imatha iye asanamve za maliro. Mankhwala ake ndi awiri. Aliyense alowe mu zokonzera za WhatsApp n'kuletsa foni kutsitsa yokha zithunzi ndi makanema. Ndipo mphakati ukhale ndi magulu awiri, la zolengeza ndi la macheza, kuti wa maluwa akhale ndi dimba lake.

Misa ya pa galasi

Mpingo m'Malawi sunayambe lero kulankhula ndi anthu a kutali. Kunali nyuzipepala ya Odini ya ku Likuni, kuli mabuku ndi magazini a Montfort Media ku Balaka. Radio Maria Malawi inayamba ku Mangochi mu 1999, Arkidayosizi ya Lilongwe ili ndi Radio Alinafe, ndipo Luntha TV inayambira ku Balaka. Chatsopano n'chakuti lero parishi iliyonse itha kukhala kanyumba koulutsira mawu. Chofunika ndi foni imodzi, tsamba la Facebook kapena YouTube, ndi bandulo.

Ambiri anaphunzira zimenezi mokakamizidwa. Pa 20 Malichi 2020 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo, ndipo misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa. Pa 27 Malichi chaka chomwecho dziko lonse linaona Papa Francis akupemphera yekha pa bwalo la St Peter's mvula ikugwa. Kuno anthu anamvera Misa pa wailesi, pa kanema ndi pa Facebook.

Amene anayesapo kuulutsa amadziwa kuti chovuta si chithunzi koma mawu. Foni ikaikidwa kumbuyo kwa tchalitchi, womvera ku Joni amamva ng'oma, chifuwa cha woyandikana nayo ndi mvula pa malata, ulaliki osaumva. Ikhale pafupi ndi sipika, itsamire pa chinthu chokhazikika, ndipo wojambula asamayendeyende kutsogolo kwa guwa ngati ali pa ukwati. Komanso si zonse zoyenera kujambulidwa. Nkhope za ana, munthu wolira pa maliro, wodwala amene akudzozedwa, onsewa ali ndi ulemu wawo, ndipo kanema akapita pa intaneti sabwereranso.

Nanga woonera Misa pa foni wapita ku Misa? Mpingo unayankha kale. Chikalata cha ku Vatican cha 2002 chokamba za Mpingo ndi intaneti chinanena mosapsatira kuti pa intaneti palibe masakramenti. Ukaristia sulandiridwa pa galasi. Kulapa pa foni kapena pa WhatsApp sikutheka, wolapa ndi wansembe ayenera kukhala pamodzi. Misa youlutsidwa ndi chitonthozo kwa wodwala, kwa nkhalamba, kwa mlonda amene ali pa ntchito ndi kwa wapaulendo amene akulakalaka kumva nyimbo za kwawo. Kwa munthu wamphamvu zake amene tchalitchi lili poteropo, ndi fungo la ndiwo za kwa aneba.

Kunena zoona, m'mbali mwa nyanja wailesi ikadali patsogolo pa nkhani imeneyi. Sifuna bandulo, ndipo mafoni ambiri a mabatani ali nayo kale m'kati.

Za ku Roma, mwachidule

Ena amaganiza kuti apapa amadana ndi zipangizozi. Mbiri ikunena zina. Vatican Radio inatsegulidwa mu 1931, ndipo anaimanga ndi Guglielmo Marconi mwini wake. Tsamba la Vatican linayamba pa Khirisimasi ya 1995. Mu 2001 Papa John Paul II, yemwe uja anatiyendera mu Meyi 1989, anatumiza chikalata kwa maepiskopi a ku Oceania pa imelo. Papa Benedict XVI analemba uthenga wake woyamba pa Twitter pa 12 Disembala 2012, ndipo Papa Francis analowa pa Instagram mu 2016. Achinyamata ali ndi wawowawo: Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anabadwa mu 1991 n'kumwalira mu 2006, ankakonza tsamba lofotokoza zozizwitsa za Ukaristia. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025.

Baibulo ndi mapemphero m'foni

Pali maapu opangidwira Akatolika: Laudate, iBreviary ndi Universalis amapereka mawerengo a tsiku ndi mapemphero a maola, Click To Pray imatsata zolinga za mapemphero a Papa mwezi ndi mwezi, ndipo Hallow ili ndi mapemphero omvetsera. Amathandiza ansembe, asisitere, aphunzitsi ndi aliyense wowerenga Chingerezi. Koma apa ndi pamene chilankhulo chathu chatsalira. Baibulo la Chichewa limapezeka m'maapu a Baibulo, ndipo mutalitsitsa kamodzi mumaliwerenga popanda bandulo. Mkatolika aonetsetse kuti wasankha lokhala ndi mabuku monga Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo, chifukwa Buku Lopatulika lilibe mabuku amenewa. Zotsala, monga mapemphero a Misa, Korona, Njira ya Mtanda ndi nyimbo, zimayenda kwambiri ngati zithunzi za masamba a buku, kapena pa memore kuchokera kwa anyamata obena nyimbo pa msika. Mnyamata wodziwa makompyuta amene akufunafuna chochita mu Mpingo, ntchito ndi imeneyo, bola apemphe chilolezo kwa eni mabuku ndi kwa akuluakulu a dayosizi.

Ndalama, ndi anthu ozinunkhiza

Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Kuyambira pamenepo mwana wa parishi amene ali ku Mzuzu atha kupereka mtulo, chipepeso kapena thumba la simenti la tchalitchi chatsopano osakwera basi. Pa nthawi ya ngozi, ngati madzi osefukira aja anavuta ku Dwangwa mu Febuluwale 2024 n'kudula msewu wa M5, ndalama ya pa foni imawoloka pamene galimoto yalephera.

Pamene pali nsomba, ng'ona sizisowa. Tonse tinalandirapo kauthenga kaja kakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Akuba a masiku ano anapita patsogolo. Azakhali anga analandira uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi chithunzi cha Bambo Mfumu wawo, wakuti galimoto yawafera panjira ndipo akufuna thandizo msanga. Chichewa chake chinali chaulemu, chithunzi chinali chenicheni. Anawapulumutsa ndi ajenti wa ndalama za pa foni, amene anaona dzina lotuluka pa nambalayo n'kufunsa kuti, “Mayi, abambo anuwo dzina lawo ndi limeneli?” Atawaimbira, anapeza Bambo Mfumu ali pa nyumba, akudya nsima.

Chithunzi cha munthu aliyense angachikope. Njira ina ya akuba ndi kukuimbirani n'kunena kuti akukulowetsani mu gulu la mapemphero, muwawerengere manambala 6 amene angofika pa foni yanu. Manambalawo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukawapereka, wakubayo amalowa m'dzina lanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa onse a mu mphakati. Musawapereke kwa wina aliyense, ngakhale atadzitcha episkopi, ndipo ikani loko wachiwiri, pini imene WhatsApp imalola kuti mudzisankhire nokha. Za ndalama za gulu, nambala yolandirira ilengezedwe m'tchalitchi pakamwa, ndipo msungichuma aziwerenga zolowa ndi zotuluka pamaso pa anthu monga kale.

Kalata yeniyeni ndi kalata yopeka

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Chikatolika m'dziko muno tsiku limodzi, ndipo inagwedeza boma la chipani chimodzi. Inayenda pamanja, kuchokera ku makina osindikizira ku Balaka mpaka ku maparishi. Aliyense woimva ankadziwa kumene yachokera, chifukwa woiwerenga anaima pa gome ndipo pansi pake panali mayina a eni ake.

Lero kalata yotere imafika pa foni anthu asanalowe m'tchalitchi. Koma yopeka imafikanso pa liwiro lomwelo, ili ndi chidindo chokopera. Mu Malichi 2023 anthu mamiliyoni anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, chonsecho chinapangidwa ndi kompyuta. Palinso timauthenga toopseza, takuti tumizani pempheroli kwa anthu khumi, mukapanda kutero muona tsoka. Chimenecho si chiphunzitso cha Mpingo, ndi ula wovala korona. WhatsApp imaika timivi tiwiri pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri, ndipo timiviti tikuchenjezeni. Nkhani yaikulu yokhudza Papa kapena maepiskopi imamveka pa Radio Maria, pa Radio Alinafe kapena pa Vatican News. Ngati kumeneko kuli zii, dikirani, kapena funsani a katekisiti.

Dziwaninso kuti gulu si chipinda chogona. WhatsApp imamata mauthenga kuti a panjira asawerenge, koma aliyense wa m'gulumo atha kujambula zimene mwalemba n'kuzitumiza kunja. Lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limalanga wozunza kapena kuopseza mnzake pa foni. Ndipo kuno ku Nkhotakota, kumene mwini boti angakhale Msilamu, siginala wake Mwangilikani, okoka ukonde Akatolika, mawu onyoza chipembedzo cha wina olembedwa usiku amakhala atafika pa doko kusanache.

Amene foni alibe

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja okhala ndi foni anali pafupifupi theka chabe, ndipo ofikira intaneti sankakwana limodzi mwa mabanja asanu. Chiwerengero chakwera kuchokera nthawi imeneyo, koma pitani ku mphakati uliwonse wa kumudzi muwerenge mafoni otachi. Mupeza atatu kapena anayi, ambiri ali m'manja mwa abambo ndi achinyamata, pamene odzaza mphasa ndi amayi. Ina yazima chifukwa sola sinatchaje kunja kuli mitambo, ina ili ku shopu yotchajitsa, ina ilibe bandulo mpaka usipa ugulidwe.

Choopsa n'chakuti okhala ndi mafoni amayamba kumanga mfundo paokha usiku, ndipo pofika tsiku la mphakati nkhani yatha kale. Mayi wamasiye amene sanaphonyepo msonkhano chiyambire amangouzidwa kuti, “Zimenezo tinagwirizana pa gulupu.” Pa gulu pazidutsa uthenga, koma mfundo zizimangidwa pa mphasa. Ndipo mwini foni aliyense apatsidwe makomo ake awiri kapena atatu oti azikafikitsako zimene zabwera.

Ndinaona mtsikana wina akuchita zimenezi ku mudzi wa kufupi ndi Bua. Anafika pa khonde la agogo ake, anagwada, n'kuika foni pa mphasa. Mawu a amayi a pampando anamveka akulengeza za maliro a kutsidya kwa dambo. Gogoyo anamvetsera mpaka kumapeto, anati aibwereze, kenako anawerama n'kuyankha foniyo mwaulemu ngati munthu wakhala patsogolo pake: “Ndamva, amayi. Zikomo.” Mtsikanayo anaseka, nati sinajambule, ayambirenso atagwira apa. Gogo anakana ndi dzanja. Analowa m'nyumba, anatuluka atamanga chitenje cha Amayi Akatolika, kambale ka ufa kali m'manja, nauza mdzukuluyo kuti asenze nkhuni.